Mmene Yunivesite Imadziunikira Yokha pa Kaphunzitsidwe

Mau Oyamba

Mwana wa Sitandade 8 akamaloŵa m'chipinda cha mayeso otsiriza a ku pulaimale, mphunzitsi wake sadziŵa mafunso amene ali m'envulopu. Mafunsowo amakonzedwa ndi bungwe la MANEB, mayankho amachongedwa ndi aphunzitsi ena osamdziŵa mwanayo, ndipo satifiketi imasainidwa ndi anthu amene sanaimepo m'kalasi mwake. N'chimodzimodzinso ku sekondale pa mayeso a Fomu 4. Mphunzitsi akadumpha mutu wina wa m'silabasi, zotsatira zimamuulula.

Ku yunivesite zinthu sizili tero. Kumeneko mphunzitsi ndiye amakonza zoti aphunzitse, ndiye amaphunzitsa, ndiye amafunsa mafunso a mayeso, ndiyenso amachonga. Ndipo yunivesite yake yomweyo ndiyo imapereka digiri. Kupatula ntchito zina monga unamwino, zimene zili ndi mayeso akeake a chilolezo, palibe bungwe lakunja limene limalembetsa mayeso amodzi kwa onse omaliza digiri yoyamba. Tsono ngati wophunzitsa, woyesa ndi woŵeruza ali munthu mmodzi, tidziŵa bwanji kuti digiri ikunena zoona za mwini wake?

Funso limeneli likutikhudza ife a m'makoleji a aphunzitsi. Ambiri mwa aphunzitsi a ku sekondale, ndiponso ambiri mwa amene amasula aphunzitsi a ku pulaimale, amachokera m'mayunivesite a boma. Munthu amene wapambana masamu osaŵamvetsa adzaima pa bolodi zaka 30 akuphunzitsa zimene iye mwini sanazimve. M'nkhani ino tifotokoza njira zimene yunivesite imadziunikira nazo yokha, ndi zimene ife tingatolepo.

Mmene Mayunivesite Athu Akulira

Yunivesite ya Malaŵi inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo inayamba kuphunzitsa mu Sepitembala 1965 ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre ndi ophunzira 90 okha. Mu 1973 Chancellor College inasamukira ku Zomba, itaphatikizana ndi koleji ya aphunzitsi ya Soche Hill ndi sukulu ya kayendetsedwe ka boma ya ku Mpemba. Kwa zaka zoposa 30 yunivesite m'dziko muno inali imodzi yokhayo. Mu 1999 Yunivesite ya Mzuzu inatsegula zitseko pa malo amene kale anali koleji ya aphunzitsi. Mu 2012 koleji ya Bunda inaima payokha n'kukhala LUANAR, ndipo mu 2014 MUST inayamba kuphunzitsa ku Ndata m'boma la Thyolo. Mu 2021 Yunivesite ya Malaŵi inagaŵidwa patatu: Polytechnic inasanduka MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinapanga KUHeS, ndipo Chancellor College inatsala ndi dzina lakale. Motero pofika chaka chimenecho mayunivesite a boma anakwana 6.

Pamene ophunzira anali 90, mphunzitsi ankadziŵa aliyense ndi dzina, ndipo wofooka ankaonekera msanga. Ophunzira akafika mazana angapo m'chipinda chimodzi, diso la munthu mmodzi silikwana. Ndiponso mayunivesite akachuluka, pamabuka funso lina: kodi digiri ya uphunzitsi ya ku Zomba ndi ya ku Mzuzu zikulemera mofanana? Zimene kale zinkatheka ndi kudziŵana chabe, tsopano zimafuna dongosolo lolembedwa.

Kuunika kwa Kunja ndi Kuunika kwa M'kati

Mu 2011 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lopanga bungwe la National Council for Higher Education, limene ambiri amangolitchula kuti NCHE. Bungweli limatumiza akatswiri kukaona nyumba zophunziriramo, mabuku, zipangizo, maphunziro a aphunzitsi ndi masilabasi, ndipo likakhutira limavomereza sukuluyo ndi maphunziro ake. Uku ndiko kuunika kwa kunja, ndipo kumafanana ndi ulendo wa woyendera sukulu umene tonsefe tikuudziŵa.

Koma tikudziŵanso zimene zimachitika woyendera sukulu akamabwera. Bwalo limaseseredwa, masikimu amalembedwa usiku, zithunzi zimakhomedwa pa khoma. Mlendoyo amaona tsiku limodzi kapena sabata imodzi; chaka chonse chotsala amachiona ndi eni sukulu okha. N'chifukwa chake malangizo a maiko a mu Afrika pa nkhani imeneyi, amene anatuluka mu 2018, anaika kuunika kwa m'kati m'gawo loyamba, ndipo kuunika kwa kunja m'gawo lachiŵiri. Ntchito yaikulu ya mlendo ndiyo kutsimikiza kuti eni nyumba ali ndi njira yoonera zolakwa zawo ndi kuzikonza. Njira zimenezo zimagwira ntchito m'dipatimenti, pamene aphunzitsi oŵerengeka a phunziro limodzi amakhala pa tebulo limodzi. Tiyeni tizione imodziimodzi.

1. Kuvomereza kosi isanayambe

Mphunzitsi saloledwa kungodzuka ndi kuyamba kuphunzitsa kosi yatsopano. Amalemba zolinga zake, mitu yake, mabuku oŵerenga ndi mmene ophunzira adzayesedwere. Chikalatacho chimakambidwa m'dipatimenti, kenaka m'chigawo chachikulu cha maphunziro, ndipo potsiriza chimavomerezedwa ndi Seneti, limene ndi bwalo lalikulu la za maphunziro pa yunivesite. Mafunso amene amafunsidwa ndi omwe aja Ralph Tyler anaŵandandalika mu 1949: tikufuna ophunzira athe kuchita chiyani, tiŵapatsa zochita zotani, tizisanja motani, ndipo tidzadziŵa bwanji kuti zatheka? Ophunzira ayenera kulandira chikalatachi sabata yoyamba, pakuti ndicho pangano la pakati pa iwo ndi mphunzitsi wawo.

2. Kusefa mafunso a mayeso

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mayeso asanalembedwe, mphunzitsi amapereka mafunso ake pamodzi ndi mayankho oyembekezeka kwa anzake kuti aŵasefe. Osefawo amaika pepala la mafunso pambali pa zolinga za kosi n'kumafunsa: kodi mitu yonse yakhudzidwa, kapena yokhayo imene mphunzitsi amaikonda? Kodi funso likumveka mwa njira imodzi? Kodi malikisi akugwirizana ndi kukula kwa ntchito? Kodi nthaŵi ikwana? Kodi mafunsoŵa si omwe aja a chaka chatha?

Funso lalikulu koposa ndi la kuzama kwa mafunso. Mu 1956 Benjamin Bloom ndi anzake anasanja kuganiza m'makwerero 6: kukumbukira, kumvetsa, kugwiritsa ntchito, kusanthula, kulumikiza zinthu n'kupanga chatsopano, ndi kuŵeruza. Tiyerekeze kuti cholinga cha kosi chikuti wophunzira athe kukonza phunziro la kuŵerenga la Sitandade 1. Pa mayeso mphunzitsi wafunsa kuti, "Tchulani njira zinayi zophunzitsira kuŵerenga." Wophunzira amene waloŵeza manotsi usiku umodzi apeza malikisi onse, chonsecho sangathe kuima pamaso pa ana. Funsolo laima pa khwerero loyamba pamene cholinga chili pa lachitatu. Wosefa wabwino angalikonze motere: "Muli ndi ana 80 ndi mabuku 10. Fotokozani mmene mungaphunzitsire liu la m kwa mphindi 30, ndipo perekani zifukwa za njira imene mwasankha." Mutu sunasinthe, koma tsopano woloŵeza ndi womvetsa asiyana.

Mphunzitsi mwini saona msanga cholakwa chotere, chifukwa amadziŵa kale zimene amafuna kunena. Amachiona ndi mnzake amene akuŵerenga funsolo koyamba, monga adzachitire wophunzira. Tizindikirenso kuti ophunzira amaŵerenga molingana ndi mmene amayesedwera. Mayeso akakhala a kuloŵeza, chaka chamaŵa onse adzaloŵeza, ngakhale mphunzitsi alalikire chotani za kuganiza mozama.

3. Kuchonga

Ambirife timakhulupirira kuti dzanja lathu pochonga ndi lolungama. Mu 1912 Daniel Starch ndi Edward Elliott a ku Wisconsin m'dziko la Amereka anayesa chikhulupiriro chimenechi. Anatenga mapepala aŵiri a ophunzira a ku sekondale pa phunziro la Chingerezi, naŵachulukitsa, naŵatumiza m'masukulu ambiri, ndipo aphunzitsi 142 anaŵachonga. Pepala loyamba linalandira malikisi kuyambira 64 mpaka 98 pa 100. Lachiŵiri kuyambira 50 mpaka 97. Ntchito inali imodzi yomweyo, koma kwa mphunzitsi wina inali yolephera, kwa wina yopambana kwambiri.

Ngati aphunzitsi a phunziro limodzi angasiyane chotero, ndiye kuti tsogolo la wophunzira siliyenera kukhala m'dzanja limodzi. Motero mayunivesite amaika zotetezera zingapo. Choyamba, mayankho oyembekezeka ndi kagaŵidwe ka malikisi zimalembedwa kuchonga kusanayambe. Chachiŵiri, wophunzira amalemba nambala yake m'malo mwa dzina, kuti chibale, chidani kapena chisoni zisaloŵerere. Chachitatu, mphunzitsi wina amatapa mapepala angapo, apamwamba, apakati ndi a m'malire a kulephera, n'kuŵachonganso. Chachinayi, malikisi onse amakaŵerengedwa pa msonkhano wa oyesa asanapite ku Seneti. Pa msonkhanopo kalasi imene onse apambana kwambiri imafunsidwa mafunso chimodzimodzi ndi kalasi imene theka lalephera, pakuti zonse ziŵiri zingasonyeze kuti china chalakwika. Chachisanu, wophunzira amene akuona kuti sanachongeredwe bwino ali ndi njira yokadandaulira.

Zotetezerazi zimatchinjiriza mphunzitsinso. Pamene malikisi ali m'manja mwa munthu mmodzi osaonedwa ndi wina, pamakhala mpata wa ziphuphu ndi wa kuzunza ophunzira, makamaka atsikana. Ndipo ngakhale mphunzitsi wolungama amasoŵa chodzitetezera akanamiziridwa.

4. Woyesa wochokera kwina

Mwambo wina tinautengera ku Britain, kumene Yunivesite ya Durham, itangoyamba m'zaka za m'ma 1830, inkaitana oyesa a ku Oxford pofuna kusonyeza kuti madigiri ake sanali opepuka. Yunivesite imasankha katswiri wa ku yunivesite ina, wa m'dziko muno kapena wa kunja, kuti aŵerenge mafunso, aone mapepala ena ochongedwa, ndi kulemba lipoti. Ngakhale ndi mlendo, amaitanidwa ndi eni ake, choncho ndi gawo la kudziunika kwa yunivesiteyo. Akulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Aphunzitsi amene akhala limodzi zaka zambiri amazoloŵerana, ndipo muyeso ungatsike pang'onopang'ono popanda wozindikira. Mlendoyo amatha kunena kuti ntchito imene pano yapatsidwa 70, kwawo ikanapatsidwa 55. Koma lipoti lake lili ndi phindu pokhapokha dipatimenti italiyankha mfundo ndi mfundo, ndipo chaka chotsatira n'kuonetsa chimene chasintha.

5. Kuonerana pophunzitsa

Njira zinayi zimene tatchulazi zimaunika mapepala. Koma kuphunzira kumachitika m'kalasi, ndipo chitseko cha kalasi ya ku yunivesite kaŵirikaŵiri chimakhala chotseka kwa aphunzitsi ena. Ambiri ophunzitsa kumeneko analembedwa ntchito chifukwa cha kuzama kwawo pa phunziro lawo, osati chifukwa anaphunzira kaphunzitsidwe. Munthu angadziŵe kwambiri za nthaka kapena za malamulo, komabe n'kumalankhula ndi bolodi ola lathunthu osafunsa funso ndi limodzi lomwe.

Pamenepa ife a m'makoleji tili patsogolo, pakuti kuonerera phunziro ndi ntchito yathu ya masiku onse. Dongosolo lake ndi lomwe lija timatsata pa nthaŵi yoyeserera kuphunzitsa: kukambirana phunziro lisanayambe, kuonerera mwakachetechete, ndi kukambirananso pambuyo pake. Woonerera alembe zimene waona, osati zimene akuganiza za munthuyo. Kunena kuti "phunziro linali losakoma" sikuthandiza. Kunena kuti "mafunso onse 6 anayankhidwa ndi a pa mzere woyamba, ndipo a kumbuyo anasiya kulemba patapita mphindi 20" kumampatsa mphunzitsi pogwira. Kuonerana kotere kusasakanizidwe ndi nkhani za kukwezedwa pa ntchito, chifukwa munthu amene akuopa amabisa zofooka zake m'malo moziika poyera.

6. Mau a ophunzira

Kumapeto kwa kosi ophunzira amapatsidwa fomu yoti anenepo za kaphunzitsidwe, osalemba maina awo. Pali zinthu zimene iwo okha ndiwo angachitire umboni: ngati mphunzitsi amabwera, ngati amafika pa nthaŵi yake, ngati amamveka kumbuyo, ngati amabweza ntchito yochongedwa mayeso asanafike. Pa zimenezi mau awo ndi olemera.

Komabe tiyenera kusamala. Mu 1973 ofufuza atatu a ku Amereka, Naftulin, Ware ndi Donnelly, anafalitsa zotsatira za kuyesa kwina kodabwitsa. Anaphunzitsa katswiri wa zisudzo kuti akambe nkhani yopanda mutu, yodzala ndi mau odzitsutsa okha, koma mwanthabwala ndi molimba mtima, namtcha Dr. Fox. Omvera, amene anali anthu ophunzira bwino, anamuyamikira pa mafomu awo. Tikuphunzirapo kuti kusangalala ndi phunziro si umboni wa kuphunzira. Mphunzitsi wopatsa ntchito yochepa ndi malikisi ambiri angakondedwe kuposa wolimbikira. Choncho mafomuŵa aŵerengedwe pamodzi ndi umboni wina, ndipo mafunso ake akhale a zinthu zooneka. Ndiponso ophunzira auzidwe chimene chasintha chifukwa cha mau awo. Apo ayi, chaka chamaŵa adzangochonga m'mabokosi mosaganiza.

7. Kutsatira omaliza maphunziro

Muyeso wotsiriza uli kunja kwa mpanda. Dipatimenti yanzeru imafunsa amene anamaliza zaka zingapo zapitazo, pamodzi ndi oŵalemba ntchito, kuti ndi ziti zinaŵathandiza ndipo ndi ziti anazisoŵa. Mayankho awo ndiwo ayenera kutsogolera pokonzanso silabasi.

Zopinga

Pa pepala zonsezi n'zomveka, koma pozichita pali zopinga zimene sitiyenera kuzibisa.

Choyamba ndi kuchuluka kwa ophunzira. Tiyerekeze kalasi ya anthu 300, ndipo pepala lililonse likufuna mphindi 15. Amenewo ndi maola 75, ndiko kuti masiku oposa 9 a kuchonga kokhakokha. Mphunzitsi wotopa amathaŵira ku mafunso a yankho lalifupi, amene amachongeka msanga koma amayesa kukumbukira chabe. Komabe kuchonganso pepala limodzi pa mapepala 10 alionse a kalasi yomweyo ndi ntchito ya tsiku limodzi. Chitetezo chimenechi si chodula monga ena amaganizira.

Chachiŵiri ndi ulemu wosayenera. Mwambo wathu umatiphunzitsa kulemekeza akulu, ndipo ndi mwambo wabwino. Koma mphunzitsi wamng'ono akapatsidwa mafunso a pulofesa amene anamphunzitsa, dzanja limalemera, ndipo amangosaina. Apa udindo uli kwa akuluwo. Mkulu wa dipatimenti akayamba ndi kuika pepala lake pa tebulo, n'kuthokoza poyera amene wampezera cholakwa, ena onse amamasuka. Paja wakutsina khutu ndi mnansi.

Chachitatu ndi kusandutsa ntchito yonseyi kukhala kudzaza mafomu. Mayunivesite amakhala ndi maofesi oyang'anira za ubwino wa maphunziro, ndipo maofesiwo ndi ofunika posunga dongosolo ndi kukumbutsa oiŵala. Koma ofesi siphunzitsa ndipo sichonga. Aphunzitsi akayamba kuganiza kuti ubwino wa maphunziro ndi ntchito ya ofesi ija, mafaelo amadzaza pamene m'kalasi simunasinthe kanthu. Muyeso wake ndi wapafupi: tifunse dipatimenti kuti itchule chinthu chimodzi chimene yasintha chaka chino chifukwa cha zimene inapeza chaka chatha.

Chachinayi ndi chatsopano. Kuyambira mu Novembala 2022, pamene ChatGPT inatulutsidwa, wophunzira angathe kupeza chimangirizo chathunthu pa foni m'mphindi zoŵerengeka. Ntchito yolembera kunyumba, imene imaŵerengeredwa pa malikisi a chaka, siingakhalenso umboni wokwanira payokha. Osefa mayeso ayenera kufunsa ngati kosi ili ndi mpata woti wophunzira afotokoze ntchito yake pakamwa, kapena aichite pamaso pa mphunzitsi.

Zimene Ife Tingatolepo

Makoleji athu ndi ang'ono poyerekeza ndi mayunivesite, ndipo ena mwa mayeso athu amachokera kunja. Koma malikisi a ntchito ya m'kati mwa teremu ndi a kuyeserera kuphunzitsa ali m'manja mwathu, ndipo pamenepo ifenso ndife ophunzitsa ndi oŵeruza nthaŵi imodzi. Tikupempha madipatimenti athu kuti ayese zinthu zinayi izi, zimene sizifuna ndalama:

(a) Mayeso alionse, ngakhale a pakati pa teremu, aŵerengedwe ndi mphunzitsi wachiŵiri ali ndi zolinga za phunziro m'manja.

(b) Tisanayambe kuchonga, tonse a phunziro limodzi tichonge mapepala atatu ofanana, aliyense payekha, kenaka tiyerekeze malikisi athu ndi kukambirana pamene tasiyana.

(c) Tisanapite kukayendera ophunzira athu m'masukulu, tionerere phunziro limodzi tonse pamodzi ndi kugwirizana chimene tikutcha phunziro labwino, kuti wophunzira wa ku sukulu ina asalangidwe chifukwa chakuti anagwera woyendera wouma dzanja.

(d) Aliyense wa ife aonereredwe ndi mnzake kamodzi pa teremu, kuyambira mkulu wa dipatimenti.

Mau Otsiriza

Makolo amene agulitsa fodya kapena mbuzi kuti mwana akaphunzire, mkulu wa sukulu amene alandira mphunzitsi watsopano, wodwala amene agona pamaso pa dokotala wachinyamata: onseŵa sangathe kuloŵa m'chipinda cha mayeso kukaona okha. Amakhulupirira pepala losainidwa. Chikhulupiriro chimenecho chimasungidwa ndi aphunzitsi amene amalola anzawo kuŵerenga mafunso awo, kuchonganso mapepala awo ndi kukhala kumbuyo kwa kalasi yawo. Ophunzira athu timaŵauza tsiku ndi tsiku kuti mphunzitsi wabwino amalandira kudzudzulidwa. Adzakhulupirira zimenezi akadzaona ife tikuchitirana zomwezo.